ZITHUNZI-THUNZI ZODINDA NDI THABWA

Caka ndi caka, kumapeto kwa mwezi wa February, anthu a ku migodi ndi a m'matauni amapempha chuthi nakwera mabasi kunka ku Mtenguleni, kufupi ndi Chipata, kukaona mwambo wa Nc'wala, pamene Inkosi ya Makosi Mpezeni imalawa zakudya zoyamba za m'munda. Pobwerera ambiri amatenga kanthu kokumbukira ulendowo: citenje, malaya, kapena kalendala ya cithunzi-thunzi ca ankhondo a Cingoni atanyamula zishango ndi zibonga. Zimenezi zimasindikizidwa ndi makina zikwi-zikwi, ndipo zikasuluka mwini wace amazitaya osadandaula. Koma ulipo mtundu wina wa zithunzi-thunzi umene anthu ambiri saudziwa. Mmisiri amazokota cithunzi pa thabwa, napaka utoto, nacidinda pa pepala ndi manja ace. Pa thabwa limodzi pamatuluka zithunzi zingapo, kotero kuti munthu wolandira malipiro a pa mwezi angathe kugulako cimodzi. Komabe ciri conse ndi nchito ya manja, si ya makina ai. Ku England ndi ku America kuli anthu amene amazifuna-funa nazisunga ngati cuma, makamaka zija zinapangidwa pakati pa 1895 ndi 1940. Mbiri yace iyenera kumveka kuno, pakuti Zambia nayenso ali nazo zace.

Kapangidwe kace kafanana ndi cidindo ca ku positi. Pa cidindo zilembo zimatsala pamwamba, ndipo ndizo zokha zimene zimatenga inki. Momwemonso mmisiri amatenga thabwa losalala, najambulapo cimene afuna, ndipo ndi kampeni kakuthwa ndi tisompho amagoba ponse pamene safuna kuti pafike utoto. Zotsala pamwamba ndizo zidzaoneka pa pepala. Ayenera kukumbukira kuti cithunzi cimatuluka cotembenuka, ca kumanja nkukhala kumanzere, monga m'kalirole. Ndipo mpeni ukaterereka nudula mzere wofunika, palibenso kumata.

Cithunzi cakuda cokha cifuna thabwa limodzi. Bvuto limadza pa mitundu, cifukwa mtundu uli wonse ufuna thabwa lace-lace. Mmisiri wofuna kuonetsa mnyamata wobvina ngoma ayenera kusema thabwa la mizere yakuda, lina la thupi la mnyamatayo, lina la cikopa ca kambuku, lina la udzu wobiriwira wa m'dzinja, ndi lina la kumwamba. Pepala lomwelo ligona pa matabwa asanuwo, limodzi-limodzi, ndipo nthawi zonse liyenera kugwa pa malo omwewo. Likasuntha ngakhale pang'ono ngati njere ya mawere, mawanga a kambuku adzagwera pa udzu, ndipo nchito yonse yafa. Tsono ngati mmisiri afuna zithunzi 50, ndiye kuti adzapaka ndi kudinda ka 250, osawerengera zoonongeka. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo munthu wa phuma saitha nchito imeneyi.

Kudinda ndi matabwa kunayamba ku China kale lomwe, koma amene anafika nako patali pa zithunzi za mitundu yambiri ndi anthu a ku Japan, kuyambira 1765. Iwo ankasema pa mtengo wa cherry, umene uli wolimba ndi wosalala. M'mbali mwa thabwa liri lonse ankadulamo timipata tiwiri tokhazikamo ngondya ndi mphepete ya pepala kuti lisasocere. Utoto wao unali wosungunula m'madzi, wosanganiza ndi kaphala ka mpunga, ndipo ankaupaka ndi burashi. Makina analibe. Ankagoneka pepala lonyowa pang'ono pa thabwa, nalitikita kumsana ndi kacipangizo kozungulira konga nkhata, kokulunga m'khoko la nsungwi, kamene amakacha baren. Pepala lao nalonso linali lodabwitsa, lopangidwa ndi khungwa lam'kati la mtengo wa mtundu wa mabulosi. Wina ali yense amene anamva za makolo akusula nyanda ya mombo angazindikire cifukwa cace pepala lotere silifulumira kung'ambika. Hokusai ndi Hiroshige ndiwo maina ochuka a kumeneko, ngakhale kuti iwo ankangojambula. Wosema anali wina, wodinda analinso wina.

Zithunzi za ku Japan zitafika ku Ulaya, amisiri awiri a ku London, John Dickson Batten ndi Frank Morley Fletcher, anayamba kuyesa njirayo ca m'ma 1895. Analibe wowaphunzitsa koma zowerenga m'mabuku, ndipo anaononga mapepala ambiri asanaigwire. Kusiyana kwao ndi a ku Japan kunali apa: iwo anati munthu mmodzi yemweyo ajambule, aseme, adindenso yekha. Fletcher anaphunzitsa ku London ndi ku Reading, pambuyo pace nakhala mkulu wa sukulu ya zojambula ku Edinburgh, ndipo m'1916 anatulutsa buku lace lochedwa Wood-Block Printing, limene linatsegulira ambiri njira. Mwa ophunzira ace munali Allen Seaby, katswiri wa mbalame za m'madzi ndi za m'chire, ndi William Giles. Mmisiri weni-weni wa ku Japan, Yoshijiro Urushibara, anakhala ku London zaka zambiri nawaonetsa zinsinsi zimene mabuku sananene. Akazi anali ambiri pa nchitoyi, ndipo ena a iwo anaposa amuna. Mabel Royds anayenda ku India nadinda za anthu a kumeneko, ndipo atakula anatembenukira ku maluwa. Za iye amasimba kuti posowa ndalama zogulira matabwa a cherry ankasema pa timatabwa tochipa tokandirapo ufa, togula ku sitolo ya Woolworth's. Zithunzi zace sizionetsa umphawi umenewo mpang'ono pomwe.

Ku America woyambitsa anali Arthur Wesley Dow, amene anaonetsa zithunzi zace zazing'ono za madambo a kwao ku Ipswich m'nyumba yosungiramo zaluso ya ku Boston m'1895. Fletcher yemwe anasamukira ku California m'1923 nakaphunzitsa kumeneko. Gustave Baumann, wobadwira ku Germany, anakhazikika ku Santa Fe m'1918, nadinda mapiri ouma ndi mitengo ya dziko lotentha lija ndi utoto wa mafuta wowala kwambiri. Cizindikiro cace cinali kadzanja kali m'kati mwa mtima. Koma njira yoyenera kuitchera khutu kuno ndi ya ku Provincetown, mudzi wa asodzi m'mbali mwa nyanja yaikuru, kumene amisiri anasonkhana m'1915 atathawa nkhondo ya ku Ulaya. Iwo anatopa ndi matabwa ambiri-mbiri. Anasema cithunzi conse pa thabwa limodzi, nalekanitsa mitundu ndi timigula tokumba, monga mizere ilekanitsa mbeu m'munda. Ankakhomera pepala m'mbali imodzi ya thabwa, napaka kacigawo kamodzi, nagwetsa pepala, natikita ndi msana wa supuni, nalitukulanso kuti apake kacigawo kena. Pa pepala timigula tija timaoneka ngati mizere yoyera. Blanche Lazzell ndiye anacita bwino koposa pa njira imeneyi. Zida zace zonse ndi thabwa, mpeni, utoto ndi supuni, zinthu zimene zingapezeke m'mudzi uli wonse wa kwa Mpezeni.

Amisiri onsewa ankafuna kuti zithunzi zao zilowe m'nyumba za anthu wamba. Claude Flight, amene ankaphunzitsa ku London kusema pa lino, cija coyala pansi m'nyumba, ankalakalaka kuti cithunzi cizigulidwa pa mtengo wonga wa mowa kapena wa tikiti ya kanema. Koma kuchipa komweko ndiko kunazipeputsa. Njala ya ndalama ya m'zaka za m'ma 1930 inathetsa malonda, nkhondo ya 1939 inadza pamwamba pace, ndipo itatha anthu anakonda zina. Zithunzi zinatsitsidwa pa makoma, zina zinabvunda m'mabokosi, zina zinagulitsidwa pamodzi ndi mipando yakale, ogula akufuna galasi lokha. Panapita zaka makumi atatu kapena anai anthu asanazikumbukire, ndipo pozifunanso anapeza kuti zatsala zowerengeka. Lero zina za ophunzira a Flight zimagulidwa ndi mapaundi zikwi makumi angapo. Anthu a ku Mtenguleni angaimvetse nkhani yotere, pakuti Nc'wala yomwe inaleka Angoni atagonjetsedwa m'1898, ndipo inadzukanso m'1980 cifukwa analipo okalamba amene anasunga nyimbo ndi dongosolo lace.

Pa nthawi yomwe Nc'wala inali kubwerera, ku Lusaka kunali amisiri amene anali pa nchito yodinda. Wamkulu wa iwo ndi Henry Tayali, wobadwira ku Serenje m'1943, amene anakulira ku Bulawayo kumene atate wace ankagwira nchito, monga ana ambiri a masiku aja. Anaphunzira ku Makerere m'dziko la Uganda ndi ku Düsseldorf m'dziko la Germany, nabwera kudzagwira nchito pa Yunivesite ya Zambia. Ambiri amamdziwa ndi cosema cace ca wophunzira womaliza maphunziro cimene ciri pa yunivesiteyo, koma pa matabwa ndi pamene anaonetsa moyo wa m'makomboni: khamu la pa msika, omwa mowa atapanikizana, nkhope zotopa za anthu a nchito. Anamwalira ku Aachen m'1987. M'zaka za m'ma 1970 munalinso gulu la Fackson Kulya, David Chibwe, Patrick Mweemba ndi Style Kunda, amene ankadinda pa Evelyn Hone College, kawiri-kawiri posema pa lino. Amene anawathandiza kwambiri ndi mai Cynthia Zukas, nayenso mmisiri wodinda.

Ogula zithunzi zimenezi kawiri-kawiri anali alendo odzagwira nchito kwa zaka zowerengeka, ndipo pobwerera kwao ananyamula zimene anagula. Sanabe, anagula ndi ndalama zao. Koma eni dziko sanali kugula. Poona cimeneci mai Zukas pamodzi ndi Tayali ndi mai Bente Lorenz anayambitsa bungwe la Lechwe Trust m'1986, kuti lizigula nchito za amisiri a m'Zambia ndi kuzisunga konkuno. Cithunzi cacikuru ca Tayali ca utoto, cochedwa Destiny, cinali citapita kunja, ndipo bungweli ndilo linacigula nilicibweza. M'2018 linatsegula nyumba yace yoonetseramo ku Lusaka. Bungwe limodzi silingathe kusunga zonse. Zina za ku England zimene zinapulumuka zinapulumukira m'nyumba za anthu amene anangozikonda.

Tsono munthu wofuna kuyamba kusonkhanitsa ayenera kudziwa kusiyanitsa codinda ndi manja ndi cotengera ca makina, cifukwa safunsa anadya phula. Ayambe wayang'ana pansi pa cithunzi. Mmisiri amasaina ndi pensulo, ndipo kawiri-kawiri amalembanso nambala yonga 12/50, kutanthauza kuti cimeneci ndi ca 12 mwa 50 zimene anadinda. Komabe nambala yokha si umboni wokwanira, pakuti amisiri ena akale sankailemba, ndipo wonyenga pensulo ali nayo. Umboni weni-weni uli kumsana kwa pepala. Ngati linatikitidwa ndi baren kapena supuni, utoto umaonekera kuseri, pamodzi ndi timikwingwirima ta potikita. Kumaso kwace mitsempha ya thabwa imaoneka m'malo otakata monga kumwamba kapena pa madzi. Wokhala ndi galasi lokuzira zinthu ayang'ane nalo: cotuluka m'makina cimagawika kukhala timadontho tandanda-ndanda, monga cithunzi ca m'nyuzipepala, pamene ca thabwa cimakhala utoto wokha-wokha. Ndipo zithunzi ziwiri za thabwa limodzi zikaikidwa pamodzi sizifanana kweni-kweni; cina cimakhala ndi mitambo yakuda pang'ono kuposa cinzace. Kusiyana kumeneko si cilema. Osonkhanitsa ena amagula ziwiri dala cifukwa ca ico.

Kusunga nkobvuta kuposa kugula, makamaka m'dziko lino. Mdani woyamba ndi dzuwa, limene limadya utoto wa madzi msanga, cofiirira ndi cacikasu poyamba. Cithunzi cisayang'anane ndi zenera. Cinyezi ca m'dzinja cimabala mawanga ofiira pa pepala, motero khoma lolowa madzi siliyenera. Utsi wa mbaula umadetsa, mphemvu zimanyambita phala, ndipo ciswe cimatha kulowa kuseri kwa felemu nkudya pepala lonse mwini nyumba osadziwa kanthu. Nkwabwino kutsitsa cithunzi mvula ikamayamba ndi pamene yatha, nkuona kuseri kwace. Koma zoononga zambiri zimacokera kwa mwini wace wofuna kukonza. Asamate cithunzi pa katoni ndi ulimbo kapena tepi. Asadule mphepete zoyera kuti cilowe m'felemu yaing'ono, cifukwa podula amataya dzina ndi nambala, ndipo mtengo umagwa pomwepo. Pepala lisakhudze galasi. Pakati pakhale katoni yoboola ngati zenera. Zosapacika zigone cafufumimba m'bokosi louma, pepala loyera pakati pa cina ndi cinzace. Ndipo pa kapepala kapadera alembe dzina la mmisiri, kumene anacigula, caka ndi mtengo wace, nakasunge m'bokosi lomwelo, kuti ana odzagawana katundu adzadziwe cimene agwira.