Fyuzi Ikapsa, Funani Bala Lake

Munthu amene anayendapo usiku pa msewu wa M1, nakumana ndi galimoto ya diso limodzi imene anaiyesa njinga yamoto kufikira itamuyandikira, adziwa kuti nyali za galimoto ndizo zisunga moyo wa woyendetsa ndi wa woyenda pansi yemwe. Tsono nyali ikazima, nzeru ndiyo kuyambira pa zapafupi, babu poyamba, kenaka fyuzi, ndi mawaya pambuyo pake, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa fyuzi ndi pamene ambiri aphunthwira. Kachipangizo aka anakapanga dala kuti kazipsa msanga waya wosupuka ukakhudza chitsulo cha galimoto, kumene amakaniko amati shoti, ndipo mphamvu yake inalembedwa pamsana pake: kofiira ndi ka ma amp 10, kabuluu ka 15, kachikasu ka 20. Koma ine ndimva chisoni poona dalaivala, fyuzi itapsa kawiri, akupinda kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya nalilowetsa m'malo mwake, osazindikira kuti batire la mavoti 12, lingakhale siligwira munthu monga magetsi a m'nyumba, lili nayo mphamvu yofiiritsa waya, kusungunula pulasitiki youkuta, ndi kuyatsa galimoto yonse. Wakutsina khutu ndi mnansi. Fyuzi yopsa ikukuuzani kuti pena pake pali bala.

Balalo lifuneni pamene mawaya amapindika ndi kukhuzika: pa chitseko cha buti, pa mabowo pamene adutsa m'chitsulo, ndi pansi pa boneti pamene makoswe amatafuna. Musanagwire kanthu, zimitsani injini, nimuyambe kumasula waya wa batire wa mbali ya chizindikiro chochotsera, kuti sipanala ikakhudza chitsulo pasathetheke moto. Mukapeza powonongeka, dulanipo, mulumikize waya wonenepa mofanana ndi wakalewo, muwotcherere ndi mtovu, ndi kukulunga bwino ndi tepi ya magetsi, chifukwa mfundo yongopotokola ndi zala imamasuka ndi mabampu, ndipo dzinja likafika ilowa madzi.

Nyali yowala mofooka, kapena ya buleki yophethira pamodzi ndi indiketa, kawirikawiri vuto lake ndi dzimbiri pamene waya wa earth wamangidwa ku chitsulo. Palani dzimbirilo, mumange kolimba. Indiketa yophethira mothamanga ikunena kuti babu limodzi lafa. Galasi la babu la halogen musaligwire ndi zala, pakuti mafuta a m'manja amalipsetsa msanga.

Zilipo zina zosayenera munthu wamba: mawaya okutidwa ndi chikasu, amene apita ku airbag, ndi nyali za xenon, zimene poyaka zimafuna mavoti oposa 20,000. Zimenezo, abale anga, pitani nazo kwa makaniko wodziwa za magetsi, ndipo musalole kuti galimoto ituluke usiku nyali zake zonse zisanayake.