Ntchito za Magetsi a Dzuwa Zachuluka: Kodi Zidzagwa m'Manja mwa Yani?

Mwa ntchito zonse zimene anthu amagwira pa dziko lapansi, ndi zowerengeka zimene zachuluka msanga m'zaka zino monga ntchito za magetsi ochokera ku dzuwa. Bungwe la mayiko lotchedwa IRENA, limene likulu lake lili ku Abu Dhabi, limawerenga anthu a ntchito zimenezi chaka ndi chaka. M'chaka cha 2012 linapeza anthu pafupifupi 1,400,000, koma pofika 2023 anali atapitirira 7,000,000, ndiko kunena kuti pamene panali wantchito mmodzi panadzakhala asanu.

Mbiri imeneyi ndi yokondweretsa, koma ili ndi mbali ina yofunika kuilingalira mofatsa. Mwa anthu onsewo, okwana 4,600,000 anali a dziko limodzi la China. Africa yense, pophatikiza ntchito za magetsi a dzuwa, a madzi, a mphepo ndi zina zotere, anali ndi anthu 324,000 okha, chinkana dzuwa limawala kuno koposa ku mayiko ambiri a kumpoto. Apa pakuoneka poyera kuti ntchito zimenezi sizilondola kumene kuli dzuwa lambiri ayi; zimalondola kumene kuli amisiri ophunzitsidwa ndi mafakitale okonzeka.

CHIMENE CHACHULUKITSA NTCHITO

Kachipangizo koyamba kosandutsa bwino kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi kanaonetsedwa ku Bell Laboratories, m'dziko la America, m'chaka cha 1954. Masiku amenewo mtengo wake unali wapatali, kotero kuti kanagwiritsidwa ntchito makamaka pa makina otumizidwa mumlengalenga. Zinthu zinatembenuka pamene mafakitale anayamba kupanga mapanelo ochuluka nthawi imodzi. Pakati pa 2010 ndi 2023 mtengo wopangira magetsi a dzuwa unatsika ndi magawo pafupifupi 90 pa 100 alionse. Chinthu chikatsika mtengo ogula amachuluka, ndipo ogula akachuluka pamafunika ochipanga, ochinyamula, ochigulitsa, ochiika ndi ochikonza.

Komabe dzuwa lili ndi vuto limodzi lodziwika kwa mwana aliyense: limalowa madzulo, nthawi yomwe anthu aweruka ndipo akufuna kuyatsa nyali ndi kuphika. Ichi ndicho chinabala ntchito yachiwiri, ndiyo yosunga magetsi m'mabatire. Usana mabatire amalandira magetsi otsala, ndipo madzulo, kapena mtambo ukaphimba dzuwa mwadzidzidzi, amawabweza m'mawaya. Mtengo wa mabatire a lithium nawonso unatsika kwambiri m'zaka zomwezo, ndipo tsopano munda wa mapanelo ndi nkhokwe yake ya mabatire zayamba kumangidwa pamodzi.

MMENE ZILILI M'DZIKO MUNO

Chiyambire 1966, pamene makina a pa Nkula anayamba kugwira ntchito, dziko la Malawi lakhala likudalira mtsinje umodzi wa Shire pa magetsi ake ambiri. Awerengi adzakumbukira mdima wa m'chaka cha 2017, pamene madzi a m'nyanja anachepa, ndiponso tsoka la mu January 2022, pamene namondwe wotchedwa Ana anaononga damu la pa Kapichira, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130 mpaka chaka chotsatira. Zimenezi zinaphunzitsa onse kuti si nzeru kutsamira gwero limodzi.

Mu November 2021 munda wa mapanelo wa mamegawati 60 unatsegulidwa ku Nanjoka m'boma la Salima. M'chaka cha 2022 unatsatira wina wa mamegawati 20 ku Golomoti m'boma la Dedza, ndipo umenewu unamangidwa pamodzi ndi mabatire akuluakulu otha kupereka mamegawati 5 kwa maola awiri. Wachitatu unamangidwa ku Nkhotakota. Kenaka m'chaka cha 2024 kunakhazikitsidwa ntchito yoika mabatire a mamegawati 20 ku Kanengo mu mzinda wa Lilongwe, kuti azilimbitsa magetsi a ESCOM.

Kumidzi nakonso kwasintha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse zinali kuunikidwa ndi magetsi a mawaya. Ambiri mwa otsalawo sanakhale chodikira. Kapanelo kakang'ono pa denga kalowa m'malo mwa koloboyi, ndipo pa misika ya kumidzi ometa tsitsi, otchaja mafoni ndi oonetsa kanema akupeza chakudya cha ana awo ndi dzuwa lomweli. M'zipatala zambiri za kumidzi katemera amasungidwa m'mafiriji a sola, ndipo m'madimba ena pampu ya dzuwa yalowa m'malo mwa ndowa.

NTCHITO ZA KANTHAWI NDI ZOKHALITSA

Pofuna kudziwa phindu lenileni, ndi bwino kugawa ntchito zimenezi patatu. Zoyamba ndi za m'mafakitale opanga mapanelo ndi mabatire. Zimenezi zili kutali, pakuti China yekha amapanga magawo oposa 80 pa 100 a mapanelo a dziko lonse lapansi, ndipo si chapafupi kuti dziko laling'ono lipikisane naye posachedwa.

Zachiwiri ndi zomanga minda ikuluikulu ya mapanelo. Zimenezi zimalemba anthu mazanamazana, olambula malo, okumba maenje, omanga zitsulo ndi oyala mawaya, koma zimatha munda ukatha. Otsala ndi ochepa: alonda, otsuka fumbi pa mapanelo, otchetcha udzu, ndi amisiri oyang'anira makina. Mudzi umene unapereka malo ake uyenera kuuzidwa zimenezi poyera ntchito isanayambe, kuti pasadzakhale kudandaula pambuyo pake.

Zachitatu, zimene zili zokhalitsa, ndi zoika ndi kukonza zipangizo m'nyumba, m'sukulu, m'zipatala ndi m'minda. Panelo ingathe kuchokera kutsidya kwa nyanja, koma wokwera pa denga la sukulu ya ku Chitipa kapena ku Nsanje ayenera kukhala munthu wa pafupi. Panelo yabwino imakhala zaka 20 kapena kuposa, koma batire limatopa msanga, ndipo inveta, ndiko kachipangizo kosandutsa magetsi a batire kukhala oyenera ziwiya za m'nyumba, imafuna woidziwa. Si zachilendo kupeza chipatala chili mu mdima pamene mapanelo ali pa denga, chifukwa chosowa munthu wodziwa kupima batire kapena kulumikiza waya wothothoka. Malo otere alionse ndi ntchito yosowa mwini wake.

Mabatire otha mphamvu nawo ali ndi ntchito yawo. Ambiri a kumidzi ali ndi mtovu ndi asidi, zimene zili zoopsa kwa ana ndi ku madzi akumwa ngati zitayidwa pa dzala. Kuwasonkhanitsa ndi kuwapereka kwa odziwa kuwasungunula mosamala ndi ntchito imene idzakula pamodzi ndi kuchuluka kwa mapanelo.

Palinso za m'nthaka. Batire la lithium limafuna mwala wotchedwa graphite, ndipo mwala umenewu unapezeka wambiri ku Kasiya m'boma la Lilongwe. Dziko la Zimbabwe, limene lili ndi lithium ku Bikita ndi malo ena, linaletsa kutumiza kunja miyala yosayenga mu December 2022, pofuna kuti ntchito yoyenga itsale kwawo. Phunziro lake ndi lakuti wogulitsa mwala wosakonza amagulitsa pamodzi ndi ntchito za ana ake.

UDINDO WA SUKULU NDI MAOFESI

Maziko alipo kale. Bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja; Yunivesite ya Mzuzu imaphunzitsa za mphamvu zosatha; ndipo bungwe la MERA limapereka ziphaso kwa oika magetsi. Koma mmera mpoyamba. Mnyamata kapena mtsikana amene anathawa masamu ndi sayansi ku pulayimale sangathe kuwerengera kukula kwa batire loyenera nyumba ya zipinda zinayi. Mphunzitsi amene aonetsa ana kapanelo, waya ndi babu, nawafotokozera chifukwa chake mthunzi wa mtengo umachepetsa magetsi, wayamba kale kuumba mmisiri.

Ana aakazi asatsalire. Bungwe la IRENA linapeza mu 2022 kuti akazi anali ndi magawo 40 pa 100 a ntchito za magetsi a dzuwa. Ku Tilonia m'dziko la India, sukulu ya Barefoot College yakhala ikuphunzitsa amayi a kumidzi, ena a iwo ochokera ku Malawi, kuika ndi kukonza zipangizozi m'miyezi isanu ndi umodzi, chinkana ambiri sanapite patali ndi sukulu.

Ogwira ntchito m'Boma nawo ali ndi mbali yawo. Pogula mapanelo a sukulu kapena chipatala, ayenera kufunsa mafunso atatu asanasaine pangano: kodi ndalama yokonzera ndi yogulira batire latsopano yaikidwa padera, kodi kampaniyo idzaphunzitsa anthu angati a m'boma lomwelo, ndipo kodi woikayo ali ndi chiphaso. Mafunso amenewa akafunsidwa m'maofesi onse, kuyambira ku likulu kufikira kwa DC, ndalama yomweyo imene igula magetsi idzagulanso luso, ndipo mmisiri wokwera pa denga adzakhala mwana wa m'mudzi momwemo.