Pa njinga kukaona nyanja za m'mapiri ophulika ku Tukuyu

M'Malawi muno mulibe phiri lomwe limalavula moto. Ngakhale Mulanje, yemwe timamunyadira, ndi thanthwe lomwe lidaumira pansi pa nthaka, kenako dothi la pamwamba n'kumakokoloka pang'onopang'ono mpaka thanthwelo kuonekera. Koma munthu akangooloka mtsinje wa Songwe kulowa m'dziko la Tanzania, amafika m'dera la mapiri ophulika atatu akuluakulu: Rungwe, Ngozi ndi Kyejo. Pakati pa mapiriwa pali nyanja zing'onozing'ono zomwe zidabadwa chifukwa cha kuphulikako.

Ine ndimaphunzitsa jogalafe pasukulu ina ya sekondale yoyendera kumudzi m'boma la Karonga. Chaka ndi chaka ndimajambula phiri lophulika pabolodi, ana n'kukopera m'makope, n'kuloweza mayina. Ambiri amaganiza kuti izi ndi za ku Japan kapena ku Italy. Pamayeso mwana woloweza amagwa funso likangotembenuzidwa pang'ono. N'chifukwa chake patchuthi cha mwezi wa Ogasiti ine ndi mphunzitsi mnzanga, yemwe ndi Mngonde, tidamanga katundu pakaliyala n'kupalasa njinga kukadzionera tokha.

Kuchoka pa Karonga boma kufika pachipata cha Songwe pali makilomita pafupifupi 45, ndipo msewu wa M1 m'chigawo chimenechi ndi wosalala, wodutsa m'madambo a mpunga. Tidaonetsa mapasipoti, tidasintha makwacha kukhala mashilingi, n'kukankha njinga pamlatho kulowa pa Kasumulu. Wotchi tidaipititsa patsogolo ndi ola limodzi poti nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo pa yathu. Galimoto kumeneko zimayenda kumanzere ngati kwathu kuno, choncho pamsewu sitidasokonezeke.

Ntchito yeniyeni idayamba tsiku lachiwiri. Dera la m'mphepete mwa nyanja ya Malawi lili pamtunda wa mamita pafupifupi 500 kuchokera pomwe pamalekezera madzi a nyanja yamchere, pomwe tauni ya Tukuyu ili pa mamita pafupifupi 1,500. Ndiye kuti m'tsiku limodzi munthu amakwera kilomita yathunthu kupita kumwamba. Njinga yanga ili ndi magiya, ya mnzanga ndi yakale ija ya giya imodzi yomwe a kabaza amaikonda. Pazitunda zikuluzikulu tonse tinkatsika n'kumakankha, amayi ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu n'kumatiuza kuti "pole", mawu a Chiswahili opepesa munthu amene akuvutika.

Ubwino wa njinga ndi wakuti dziko limasintha uli kuona. Mpunga ndi mitengo ya koko ya kuchigwa zidatsala m'mbuyo, tidalowa m'nthochi zowirira mpaka pakhomo pa nyumba, kenako m'minda ya tiyi yonga ya ku Thyolo. Dothi lidayamba kuda. Ndidauza mnzanga kuti, "Achimwene, chonde chonsechi ndi phulusa la mapiri aja." Phulusa ndi chiphalaphala zikaphwanyika kwa zaka zambiri zimasanduka nthaka yachonde, ndipo mapiriwo amatchinga mphepo ya chinyezi yochokera kunyanja, mvula n'kumagwa yambiri. N'chifukwa chake anthu ndi ochuluka m'mphepete mwa mapiri amene tsiku lina akhoza kudzuka.

Eni dera ndi Anyakyusa, abale enieni a Angonde a ku Karonga. Mnzanga ankangolankhula Kyangonde ndipo ankamvana nawo popanda womasulira. Ine ndidaloweza moni woti "ugonile" ndipo adanditsegulira makomo ambiri. Chakudya chodalirika ndi nthochi zophika ndi nyama kapena nyemba, chomwe a ku Karonga amachidziwa kuti mbalagha. Usiku ku Tukuyu kumazizira kwambiri, moti juzi yomwe tinkaiona ngati katundu wolemetsa idatipulumutsa.

Tsiku lachitatu tidalowera kumpoto mumsewu wa ku Mbeya kukaona nyanja ya Ngozi. Njinga sizifika pamwamba. Tidazisiya m'munsi, tidalipira ndalama yolowera m'nkhalango, ndipo wotiperekeza adatitsogolera wapansi kudutsa m'nsungwi ndi nthochi zakuthengo. Titafika pamlomo pa phiri, mamita oposa 2,500 m'mwamba, pansi patali tidaona madzi obiriwira atazunguliridwa ndi makoma a thanthwe. Nyanjayi ndi ya makilomita pafupifupi 2.5 m'litali ndi 1.6 m'lifupi. Idapangika phiri litaphulika mwamphamvu n'kukhuthula zam'kati, nsonga yake n'kutitimira, madzi n'kudzaza chidzenjecho. Chimenechi ndicho mabuku athu amachitcha caldera, mawu omwe ana anga amawaloweza osadziwa kukula kwake.

Chakum'mwera kwa Ngozi kuli phiri la Rungwe, lotalika pafupifupi mamita 3,000, lofanana msinkhu ndi nsonga ya Sapitwa. M'nkhalango zake muli mtundu wa nyani wotchedwa kipunji, womwe akatswiri a sayansi adaulengeza mu 2005 ngakhale alenje a m'deralo ankaudziwa kalekale. Ife sitidamuone, koma nkhani yake ndiyofunika kwa ana asukulu: nkhalango ikatha ndi makala, zimatha ndi zinthu zomwe dziko silidazilembe n'komwe.

Tsiku lachinayi ndilo lidali la njinga zenizeni. Tidachoka ku Tukuyu kulowera kum'mwera chakum'mawa, njira yopita ku Ipinda, kukwera ndi kutsika timapiri todzaza nthochi. Tisanakwanitse makilomita 20 tidafika panyanja ya Masoko, yomwe eni ake amaitchanso Kisiba. Ndi yozungulira ngati mbale, mamita pafupifupi 700 kuchoka tsidya lino kufika tsidya linalo, ndipo kuya kwake ndi mamita oposa 30. Palibe mtsinje wolowamo kapena wotulukamo. Madzi ake ndi a mvula ndi a pansi pa nthaka.

Kabadwe ka Masoko n'kosiyana ndi ka Ngozi. Apa chiphalaphala chotentha chidakumana ndi madzi a pansi, madziwo adasanduka nthunzi mwadzidzidzi, nthaka n'kuphulika kusiya dzenje. Yerekezani mafuta owira m'chiwaya mutadonthezeramo madzi, koma chiwayacho chikhale chachikulu ngati mudzi. Matope a pansi pa nyanjayi akhala akuunjikana mosasokonezeka, ndipo akatswiri adawakumba n'kuwerengamo mbiri ya mvula ndi zomera ya zaka zoposa 40,000.

Tidazungulira gombe pang'onopang'ono, pena titakwera, pena titanyamula njinga paphewa podutsa m'tinjira ta m'minda. Pamwamba pa nyanja pali nyumba zamiyala zomwe Ajeremani adamanga ngati malo a asilikali. Tukuyu weniweniyo nthawi ya Ajeremani ankatchedwa Neu Langenburg. Kuchokera m'dera limeneli asilikali awo adatsika kukathira nkhondo Karonga mu Seputembala 1914, ndipo manda a ena mwa omwe adafa pankhondoyo alipo mpaka lero pa Karonga. Anthu a pa Masoko amasimba kuti Ajeremani pothawa adataya chuma m'nyanjamo. Mkulu wina adatiuza nkhaniyi akuseka, n'kutifunsa kuti, "Aphunzitsi, mwabwera kudzasambira kapena kudzavuula ndalama?"

Chomwe chidandikhalitsa chete ndi phiri la Kyejo, lomwe lili chakum'mawa kwa Tukuyu. Lidaphulika komaliza cha m'ma 1800, zomwe pa msinkhu wa mapiri ndi dzulodzuloli. Mapiri onsewa ali pamng'alu waukulu wa Rift Valley, womwewo umene udapanga nyanja ya Malawi. Zivomezi zomwe zidagwetsa nyumba ku Karonga mu Disembala 2009 ndiponso akasupe a madzi otentha a ku Chiweta ndi ku Nkhotakota zimachokera ku mng'alu womwewu. Mwana wa ku Karonga akamaphunzira za mapiri ophulika, akuphunzira za nthaka yomwe pali nyumba ya makolo ake, ndi chifukwa chomwe khoma la njerwa zomangira dothi limafunika kulimbitsidwa.

Kwa amene angafune kuyesa ulendowu, zoopsa zenizeni zili pamsewu. Msewu wa Kasumulu ndi Mbeya ndi womwe malole a mafuta ndi katundu wa Malawi amadutsa kuchokera ku Dar es Salaam, ndipo m'makona a m'mapiri woyendetsa sakuona msanga. Nyamukani kukangocha, valani zowala, ndipo dzuwa lisakuloŵereni panjira. Mtsetse ndi woopsa kuposa chitunda: mabuleki akatentha sagwira, choncho ikani marabala atsopano musananyamuke ndipo muzipumira panjira. Phukusi la moyo umasunga wekha. Tengani pampu, chubu chapadera, zigamba, guluu, masipoko angapo ndi sipanala. Nthawi yabwino ndi ya chilimwe, kuyambira Juni mpaka Okutobala, chifukwa m'dzinja tinjira ta dothi lakudalo timaterera.

Kuchoka pa Masoko tidatsetsereka mpaka ku Ipinda, n'kudzera ku Kyela kubwerera pa Songwe. Ulendo wonse udatenga masiku asanu, ndipo ndalama zambiri zidapita ku malo ogona ndi chakudya, poti mafuta a njinga ndi miyendo.

Sindikunena kuti tikweze kalasi yonse panjinga kuoloka malire. Makolo ambiri akuvutika. Koma aphunzitsi anzanga a jogalafe ndi mbiri yakale, makamaka a ku Karonga, Chitipa ndi Rumphi, tikhoza kusonkhana atatu kapena anayi patchuthi, kupita, n'kubwerako ndi zithunzi za pafoni ndi miyala. Ine ndidatola timiyala toyera tokhala ndi timabowo, totchedwa pumice, tomwe ndi thovu la chiphalaphala lomwe lidauma. Sabata yoyamba ya teremu ndidaponya kamodzi m'ndowa ya madzi, ndipo kadayandama. Mtsikana wina wa Fomu 2, yemwe salankhula m'kalasi, adakweza dzanja n'kufunsa kuti mpweya udalowa bwanji m'mwala. Phunziro la tsikulo lidayambira pa funso lakelo.