Ayezi wabwino amayambira pa konkire

Mukamaonera masewero a hockey pa wailesi yakanema, mungaganize kuti osewera aja akutsetsereka pamwamba pa chimulu cha madzi oundana. Ayi ndithu. M'mabwalo ambiri a ku Canada, Sweden ndi Finland, ayeziyo amangokhuthala masentimita 3 kapena 4 basi. Kunsi kwake kuli konkire, ndipo m'konkiremo anayalamo mapaipi ambirimbiri oyendamo madzi amchere kapena mankhwala a glycol, omwe makina amawaziziritsa. Nzeruyi si yalero: John Gamgee anatsegula bwalo loumitsa madzi ndi makina ku London mu 1876.

Nkhani yagona pa levulo. Madzi akathiridwa amadzisalaza okha, choncho pamwamba pamaoneka bwino ngakhale pansi pali zitunda ndi zigwa. Pamene konkire watumphuka, ayezi amapyapyala, moti chitsulo cha kunsi kwa nsapato chitha kukhula simenti, wosewera n'kugwa chagada. Woyang'anira bwalo sangachitire mwina, amathira madzi bwalo lonse mpaka chitundacho chibisike. Bwalo la mamita 60 m'litali ndi 30 m'lifupi limamwa malita 18,000 kuti madzi akwere sentimita imodzi yokha, ndipo onsewo ayenera kuumitsidwa ndi magetsi, n'kukhala ouma usana ndi usiku.

Ndalama zenizeni zimathera m'zigwa muja. Kutentha kwa mababu, kwa mpweya ndi kwa anthu oonerera kumatera pamwamba pa ayezi, ndipo kuyenera kudutsa m'kati mwake kuti kukafike ku mapaipi. Ayezi akakhuthala, kutenthako kumachedwa kutsika, pamwamba n'kufewa. Pofuna kukonza zimenezo, amatsitsanso kuzizira kwa madzi a m'mapaipi, makina n'kumalira nthawi yaitali. Koma taonani, pomwe pali popyapyala paja tsopano pamauma mopitirira n'kuyamba kubenthuka. Bwalo limodzi, ayezi wamitundu iwiri. A hockey amafuna wolimba, wa madigiri 5 kapena 6 pansi pa ziro, pomwe ovina pa ayezi amakonda wofewerapo pang'ono kuti chitsulo chizigwira akamadumpha. Pa bwalo lopanda levulo, onse amadandaula.

N'chifukwa chake amisiri amathira konkire yense ulendo umodzi, ndipo kawirikawiri salola kusiyana koposa mamilimita 3 pa mamita atatu alionse. Mmisiri wozolowera kusalaza khonde ndi thabwa angaone ngati nkhanza.

Ngakhale konkire wothiridwa bwino atha kupindika pakapita zaka. Kuzizira kumalowa m'nthaka, madzi a m'dothi amaundana n'kufufuma, konkire n'kunyamuka, nthawi zina mpaka kuthyola mapaipi. Pothana nazo, kunsi amaikako zotchinga kuzizira pamodzi ndi mapaipi ena amadzi ofunda, oti dothi lisaundane. Inde, pansi pa bwalo la ayezi amachita kutenthetsapo.

Galimoto ya mtundu womwe Frank Zamboni anayamba kupanga ku Paramount, California, mu 1949 imameta ayezi n'kuthira madzi otentha, ndipo ena masiku ano amaimangirira makina a laser kuti mpeni wake uzitsata levulo. Oyang'anira amaboolanso ayezi malo angapo n'kuyeza kukhuthala kwake. Zonsezi zimakonza pamwamba pokha. Konkire akapindika kwambiri, chotsala n'kumugumula pamodzi ndi mapaipi ake, bwalo n'kutsekedwa miyezi ingapo.