Kaphokoso ka pansi pa mpando wa dalaivala

Kukamacha ku madoko a Senga Bay, malole ndi mapikapu onyamula usipa ndi utaka amalizidwa pafupifupi nthawi imodzi. Munthu wa khutu lozolowera injini amatola kaphokoso kena pakati pa chiphokoso chonsecho, kofulumira, kakuti tiki-tiki-tiki, kochokera pansi pa mpando wa dalaivala. Galimoto isanafike n'komwe m'tauni ya Salima kamakhala katatha, ndipo dalaivala amati injini inangozizidwa usiku. Koma umenewo ndi utsi ukuthawira pampata wa pakati pa injini ndi manifodi, chitsulo chimene chimalandira utsi wa masilinda onse n'kuutumiza ku paipi ya ekizozi. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, mpata n'kutsekeka kwa kanthawi. Mawa lake umatsegukanso, ndipo mwezi ukamatha umakhala utakula.

Galimoto zambiri za ntchitoyi, monga Toyota Dyna, Mitsubishi Canter, Isuzu Elf ndi Hilux, zinagulidwa zitayenda kale ku Japan n'kulowa m'dziko muno kudzera ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe. Manifodi yomwe zinabwera nayo ndi yokhuthala, yachitsulo chochita kuumba. Ikang'aluka, yatsopano yeniyeni imasowa kapena mtengo wake umadula mutu. Mwini galimoto amakwera ulendo wa ku Lilongwe kukasakasaka ku Malangalanga kapena ku Biwi, n'kubwera ndi yochotsa pa galimoto ina, kapena yatsopano ya kampani yosadziwika, ya mapaipi opyapyala owotcherera pa chitsulo chafulati. Anyamata ena a mapikapu apetulo amaika dala yotereyi kuti galimoto izikoka bwino ndi kulira mwamphamvu. Palibe cholakwa pamenepo. Vuto limayamba tsiku lomangalo.

Nkhope ya manifodi yotchipa kawirikawiri siikhala yowongoka bwino, chifukwa moto wowotcherera umaipinda pang'ono. Makaniko wofulumira amabwezeretsa gasiketi yakale, kukunga mabawuti mmene dzanja lamvera, n'kulandira ndalama. Kenako galimoto imasenza nsomba kapena mpunga wa ku Lifuwu n'kuyamba kukwera msewu wa M14. Kunyanja kuno ndi pafupifupi mamita 500 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ali pamwamba kupitirira mamita 1,000, ndipo pa zitunda za ku Mvera ndi Chezi utsi wotuluka mu injini yolemedwa ukhoza kupyola madigiri 600. Madzulo chitsulocho chimazizira. Kutentha ndi kuzizira kotereku kumaphwanyitsa gasiketi, mabawuti n'kukhwepa okha. N'chifukwa chake manifodi yatsopano imafuna kukungidwanso ikayenda maulendo ochepa oyamba, injini itazizira. Ndi ochepa amene amabwerera kugalaja kukachita zimenezi. Onjezerani tinjira ta mchenga ndi mabampu tolowera kumadoko, ndi malaba ogwira injini omwe anatha kalekale, ndiye kuti paipi yonse ikukoka pamfundo yomweyo.

Makaniko wodziwa ntchito sayamba ndi sipanala. Amauza mwini wake kuti galimoto igone pagalaja, chifukwa mpata umaoneka bwino chitsulo chili chozizira. M'mawa amayamba waunika ndi tochi kufunafuna mwaye, timizere takuda totuluka m'mphepete mwa gasiketi kapena pamsoko wowotcherera. Akapanda kuona kanthu amathira madzi a sopo pamfundo zonse, mnzake n'kuliza injini, ndipo pamene pali mpata pamatuluka thovu m'masekondi oyamba chitsulo chisanaumitse madziwo. Ena amatenga kachidutswa ka paipi yamadzi, mbali imodzi kukhutu, inayo n'kumayendetsa pafupi ndi silinda iliyonse. Ena amatseka kumapeto kwa ekizozi ndi chisanza kwa kamphindi kuti utsi ukakamizike kutulukira pobooka. Zida zonsezi zilipo m'galaja iliyonse ya ku Kamuzu Road, ndipo mnyamata aliyense wophunzira ntchito zamanja ku Salima Technical College angathe kuzigwiritsa ntchito. Chimene chimasowa ndi kudekha, ndi mwini galimoto wolola kutaya ulendo umodzi.

Maphokosowa ndi osiyana, ndipo kuwasokoneza kumadyetsa ndalama. Ka ekizozi kamakula dalaivala akaponda mafuta pachitunda, n'kuchepa injini ikatentha. Ka mavavu kamamveka pamwamba pa injini ndipo sikasamala kwenikweni za katundu. Pa dizilo ya tebo (turbo), mpata wa tebo isanafike umalira ngati likhweru, galimoto n'kufooka pokwera, chifukwa utsi woyenera kuzunguza tebo wathawira panja. Kugogoda kwa ngwe-ngwe poyima kapena pokhota nthawi zambiri ndi paipi yomwe ikukhudza chasisi kapena ndodo ya chiwongolero, pakuti mapaipi ogula padera sadutsa ndendende momwe ankadutsa oyamba. Palinso kulira komwe si matenda: paipi yopyapyala imamveka kwambiri kuposa chitsulo chokhuthala. Ndimamva chisoni ndi eni galimoto amene anatsegulitsa injini yonse, kugula mavavu ndi mainjekita, pamene vuto linali bawuti imodzi yoduka kumapeto kwa manifodi.

Kukonza kwake n'kodziwika. Manifodi imachotsedwa n'kuyesedwa ndi lula yachitsulo. Ngati yapindika imakasetedwa pa makina. Gasiketi ikhale yatsopano, mabawuti akungidwe kuyambira apakati kupita kumapeto. Manifodi yoyambirira ikang'aluka imafuna kutenthetsa kaye ndi kuwotcherera ndi ndodo za nikelo, apo ayi imang'alukanso pambali pa msokowo. Phala lomata ndi chidutswa cha chitini chomangidwa ndi waya zimangofikitsa munthu kunyumba.

Amene saopa phokoso aope mtengo wa mafuta. Pa galimoto yapetulo yokhala ndi sensa mu ekizozi, mpweya wolowera pampata uja umanamiza kompyuta kuti mafuta akuchepa, ndipo imathira ochuluka.

Koma chimene chandilembetsa nkhaniyi si mafuta. Dyna, Canter, Elf ndi minibasi za Hiace zili ndi injini pansi pa mpando, kotero manifodi ili pafupi kwambiri ndi mphuno za dalaivala ndi amene wakhala naye kutsogolo. Mu utsi muli carbon monoxide, mpweya wopanda fungo kapena mtundu, womwe umagwira magazi mwamphamvu kuposa okosijeni kupitirira ka 200. Injini yapetulo imatulutsa wambiri kuposa ya dizilo, koma yonse imatulutsa. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi tulo, zomwe kuno kunyanja aliyense amathamangira kuzitcha malungo kapena kutopa kwa usiku wodikira nsomba. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mwera ukamawomba, mawindo amatsekedwa, ndipo amayi ogulitsa usipa amadzifunditsa lona kumbuyo pamodzi ndi ana awo, mwina paipi itadukira pansi pawo pomwe. Dalaivala wosinza pa makona otsikira ku Salima sakhala wolakwa nthawi zonse chifukwa cha mowa kapena kusagona.

Chiphaso cha COF chochokera ku Road Traffic sichingatiteteze mokwanira pa ichi, chifukwa galimoto imafika poyesedwa itatentha kale, mpata utadzitseka. Dalaivala amene mutu umamupweteka ali pachiwongolero n'kusiya akatsika atsegule mawindo onse tsiku lomwelo, ndipo usiku galimoto ikagone kugalaja. Makaniko akamaliza za manifodi, atukulenso mpando n'kuona laba yozungulira chivundikiro cha injini. Pa malole ambiri okalamba laba imeneyi inauma kapena inachoka, ndipo utsi umadutsa pamenepo kulowa m'kebini.