Thovu m'mphuno mwa hatchi si poizoni

Mvula ikayamba kutsazika, cha m'Malichi ndi Epulo, anyamata a ku Chainda amene amalawirira ku mapuloti a ku Ibex Hill ndi ku Leopards Hill kukasamalira mahatchi amagwira ntchito mtima uli m'mwamba. Iyi ndiyo nyengo imene hatchi yomwe dzulo imadya bwinobwino imayamba kubanika, miyendo itatangadza, thovu lili tuu m'mphuno, ndipo dzuwa lisanalowe yagwa. Bwana, amene mwina wangogulira ana ake kahatchi kafupi kaja amati poni, amatembenukira wantchito: "Mwaidyetsa chiyani?"

Sanaidyetse kanthu. Nthawi zambiri imeneyi ndi African horse sickness, nthenda ya vairasi yofalitsidwa ndi tizilombo touluka totchedwa Culicoides. Ndi tating'ono kuposa udzudzu, mamilimita 1 mpaka 3 okha, moti timadutsa m'mabowo a neti wamba. Timaswana m'dothi lonyowa losakanikirana ndi ndowe, ndipo timaluma kwambiri chakumadzulo ndi mbandakucha.

Thovu lija, lomwe anthu amalitenga ngati umboni wa poizoni, limabwera chonchi. Vairasiyo ikalowa m'magazi imawononga kachikopa kopyapyala ka m'kati mwa mitsempha. Mitsemphayo imayamba kudontha ngati chidebe chobooka, madzi a m'magazi n'kumathira m'mapapo. Hatchi ikamalimbana kuti ipume, mpweya umatakasa madziwo mpaka kuchita thovu. Kunena zoona, nyamayo imamira ili pamtunda. Pali mtundu wina wa nthendayi woyenda pang'onopang'ono: madzi amadzadza mozungulira mtima ndi pansi pa khungu, ndipo timaenje ta pamwamba pa maso timafufuma. Wosamalira mahatchi wodziwa ntchito amayang'ana pamenepo m'mawa uliwonse asanapereke n'chakudya chomwe. Mahatchi opanda katemera akadwala, 70 mpaka 95 mwa 100 alionse amafa, ndipo mankhwala opha vairasiyi kulibe.

Ndiye nkhani za chiphe ndi nsanje zimachokera kuti? Zimatopetsa kumva munthu wophunzira, wokwanitsa kugula hatchi, akufulumira kuopseza wantchito ndi polisi asanaitane dokotala wa ziweto, pamene sukulu ya madokotalawa ili pompano pa yunivesite ya UNZA, m'mbali mwa Great East Road. Enanso amaletsa ana kuyandikira khola poti angatengere. Mwana satenga nthendayi pokwera kapena kusisita hatchi, ndipo hatchi siipatsira inzake pokhudzana. Pafunika kachilombo koluma kaja. Galu ndiye amadwala akadya nyama ya hatchi yofa nayo.

Mbidzi zimasunga vairasiyi m'magazi osaoneka kudwala, abulu akunonso kawirikawiri amapirira. Mu 1987 mbidzi zochokera ku Namibia zinapita nayo ku Spain, ndipo mu 2020 inabuka ku Thailand n'kupha mahatchi mazanamazana. Choncho puloti yoyandikana ndi famu yoweta mbidzi si malo oikapo poni mwachisawawa.

Ofuna poni ya ana amathera nthawi pa mano, ziboda ndi kufatsa kwake. Zonsezo n'zofunika, koma pemphani kaye buku la katemera. Vairasiyi ili ndi mitundu 9, n'chifukwa chake katemera wa ku Onderstepoort, ku South Africa, amabwera m'mabotolo awiri obayidwa motalikirana masabata osachepera 3, chaka ndi chaka, mvula isanayambe. Botolo limodzi si katemera wokwanira, kaya wogulitsa alumbire bwanji. Hatchi izilowa m'khola dzuwa lisanalowe, izituluka mame atauma.

Wogulitsa akakanika kuonetsa masiku a mabotolo onse awiri ndi siginecha ya dokotala, bwererani ndi ndalama zanu.