MPANSHYA: MALONJEZO A ZIPANI AYESEDWE TSIKU LA CISANKHO LISANAFIKE

Nyengo ya masankho ikafika, magalimoto a zipani amapatuka pa mseu waukulu wa Great East ndi kulowa m'midzi ya Mfumu Mpanshya, atanyamula zokuzira mau, zitenje ndi malonjezo ambiri. Anthu amasonkhana, kumvetsera ndi kuomba m'manja. Koma alendowo akabwerera ku Lusaka, mlimi amatsala ndi munda wake womwe uja, ndiponso ndi funso lakuti: mwa zonse zanenedwa, ndi ziti zimene cipani cidzacitadi cikatenga boma?

Malamulo a dziko amene anakonzedwa mu 2016 amanena kuti cisankho cacikulu cizicitika pa Cinai caciwiri ca mwezi wa August, zaka zisanu zirizonse. Masiku ake ndi awa: 11 August 2016, 12 August 2021 ndi 13 August 2026. Wofuna kukhala Pulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka. Motero zimene munthu wa ku Rufunsa asankha tsiku limodzi amakhala nazo nyengo zisanu za ulimi.

Cipani ciriconse cimalemba zimene cifuna kucita m'kabuku kochedwa manifesito. Timabuku timeneti kawirikawiri timalembedwa m'Cingerezi, ndipo kumudzi sitifika kwenikweni. Nkhani zake Asoli ndi anansi awo amazimvera pa wailesi ndi pa misonkhano. Cifukwa cake kuli bwino kukumbukira zimene mfundo za zipani zinabweretsa m'mbuyomu.

ZA CIMANGA NDI FETELEZA

Akuluakulu adzakumbukira masankho a 1973, 1978, 1983 ndi 1988, pamene cipani cinali cimodzi cokha, ca UNIP. Wovota anali kuyankha "Inde" kapena "Iai" pa dzina la Dr Kenneth Kaunda, ndipo ofuna uphungu onse anali a cipani comweco. Masiku amenewo boma linali kuika mtengo wa cimanga, Namboard inali kugula, ndipo unga wa m'matauni unali kuchipitsidwa ndi ndalama za boma. Mtengo wa kopa utagwa, ndalamazo zinacepa. Namboard inathetsedwa mu 1989, ndipo mtengo wa unga utakwezedwa mu June 1990, mu Lusaka munabuka cipolowe.

Pa 31 October 1991 anthu anasankha a Frederick Chiluba ndi cipani ca MMD, cimene cinatenga mipando 125 mwa mipando 150. Mfundo yake inali yakuti boma licoke pa malonda, anthu azigula ndi kugulitsa mwaufulu. Katundu anadzaza m'masitolo, ndipo mizere ya sopo ndi saladi inatha. Koma mlimi wa kutali ndi njanji anapeza kuti wogula cimanga cake tsopano ndi wamalonda wobwera ndi sikelo yake ndi mtengo wake. Boma linabwereranso pang'onopang'ono: lamulo lokhazikitsa Food Reserve Agency linapangidwa mu 1995, ndipo cithandizo ca feteleza cinayamba mu 2002, m'nthawi ya a Levy Mwanawasa.

Mu 2009 cithandizoco cinachedwa FISP, ndipo matumba a mlimi mmodzi anacepetsedwa kucoka pa 8 kufika pa 4 kuti olandira aculuke. Apa pali phunziro. Mau akuti "tidzathandiza alimi" sakwanira. Wofuna voti anene ciwerengero ca matumba, ndalama zimene mlimi adzasonkha, mwezi umene feteleza adzafika, ndi masiku amene mlimi adzayembekeza malipiro atapereka cimanga ku depoti. Feteleza wofika mu January sabweza cimanga cimene cacita kale cikasu.

NDALAMA ZIDZACOKERA KUTI?

Cipani ca PF ca a Michael Sata cinapambana mu 2011, ndipo mu 2012 Rufunsa inapatulidwa ku Chongwe kukhala boma lapalokha. Boma la PF linamanga miseu, zipatala ndi masukulu m'madera ambiri, koma ndalama zoculuka zinali za nkhongole. Mu November 2020 Zambia inalephera kulipira ciwongoladzanja pa nkhongole ina ya kunja.

Pa 12 August 2021 a Hakainde Hichilema a cipani ca UPND anapambana. Mu January 2022 malipiro a sukulu za boma anacotsedwa mpaka Giredi 12, ndipo caka comweco aphunzitsi oposa 30,000 analembedwa nchito. Ana ambiri amene anali atasiya sukulu anabwerera, kotero kuti zipinda ndi madesiki zinacepa. Boma lomwelo linaleka kuchipitsa mafuta a galimoto mu December 2021, ndipo mtengo wa ulendo wa ku Lusaka unakwera pamodzi ndi mitengo ya zinthu zina.

Makolo anati walira mvula walira matope. Palibe mfundo ya cipani imene iribe mtengo wake. Ndalama za boma zimacokera ku misonkho kapena ku nkhongole, ndipo nkhongole imabwezedwanso ndi misonkho. Cipani colonjeza kucepetsa misonkho, kuonjezera malipiro, kuchipitsa unga ndi kukweza mtengo wa cimanga nthawi imodzi cifunsidwe bwino, pakuti cimanga cikakwera mtengo kwa mlimi, unga umakweranso kwa mwana wake wokhala ku Mtendere kapena ku Kanyama, pokhapokha boma litalipira kusiyanako.

NCHITO YA YANI?

Kuyambira 2016 wovota amalandira mapepala anai: la Pulezidenti, la phungu wa Nyumba ya Malamulo, la wapampando wa khonsolo ndi la khansala wa wadi. Anthu anai amenewa ali ndi nchito zosiyana. Mtengo wa feteleza, kulemba aphunzitsi ndi kugula mankhwala ndi nchito za boma lalikulu. Phungu amapanga malamulo, amavomereza bajeti ndi kufunsa nduna mafunso. Misika, timiseu ta m'midzi ndi zitsime zimakambidwa ku khonsolo. Khansala wolonjeza kutsitsa mtengo wa unga akulonjeza mbuzi ya eni ake.

Pali thumba lina limene liri pafupi ndi anthu, lochedwa CDF. Mu 2021 dera lirilonse la phungu linali kupatsidwa K1.6 miliyoni, bajeti ya 2022 inakweza ndalamazo kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo ya 2025 inaika K36.1 miliyoni. Ndalamazi ndi zomangira zipinda za sukulu, zipatala zazing'ono ndi zitsime, zolipirira ana osauka ku sukulu zogonera konko ndi za luso la manja, ndiponso zothandizira magulu a amai ndi acinyamata. Zopempha zimayambira ku komiti ya citukuko ya wadi. Wofuna uphungu kapena ukhansala afotokoze m'mene adzaonetsera poyera nchito zimene zavomerezedwa, mtengo wake ndi dzina la womanga.

MAFUNSO A KWA MPANSHYA

Dera liri lonse liri ndi mafunso ake. Cipatala ca mishoni ca St Luke's cimalandira odwala ocokera m'midzi yakutali ndi ovulala pa ngozi za pa mseu waukulu: kodi cipani cidzacita ciani pa za anamwino, mankhwala ndi ambulansi? Anyamata ambiri a ku Rufunsa amakumba golide: kodi adzapatsidwa bwanji ziphaso, ndipo adzagulitsa kwa yani? Mabanja ena amadalira makala: boma likaletsa kuocha, adzadya ciani? Cilala ca 2024, cimene boma linacilengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinaumitsa minda: kodi pali mfundo yotani ya madamu, kuthirira ndi mbeu zopirira dzuwa? Safunsa anadya phula.

Citenje cimang'ambika caka cisanathe, ndipo lamulo la masankho limaletsa kugula kapena kugulitsa voti. Wovota atenge citupa cake cobiriwira ndi khadi lovotera, afike pakati pa 06.00 ndi 18.00 koloko. M'kacipinda kovotera salowamo mfumu, phungu kapena wa cipani. Amalowamo mwini voti yekha, ndi mayankho amene anapatsidwa pa msonkhano.